Ulamuliro wobwereka: mbiri ya root ndi sudo, kuchokera ku Bell Labs kufika ku Petauke ndi Nyimba

Pa kompyuta iliyonse yoyendera Unix kapena Linux pamakhala akaunti imodzi yosaletsedwa kanthu. Dzina lake ndi root, nambala yake ndi 0. Wolowa pa akaunti imeneyi angathe kuwerenga fayilo ya munthu aliyense, kusintha pasiwedi ya mnzake, kuika pulogalamu yatsopano, kuthimitsa makina, ngakhale kufafaniza zonse za pa disiki ndi mzere umodzi wa malemba. Ena onse ali ndi malire: aliyense amalamulira mafayilo ake, za eni sazikhudza. Ntchito yosamalira makina otere, imene m'maofesi a ku Petauke ndi Nyimba amangoti ndi ya "a IT", yakhala ikulimbana ndi funso limodzi kwa zaka zoposa 50: mphamvu zimenezi apatsidwe ndani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo zinthu zikalakwika adzadziwika bwanji amene anagwira?

Malamulo a woyang'anira makina amalembedwa pa shell, pulogalamu yolandira mawu otayipidwa pa kiyibodi n'kuwapereka kwa makina. Mulibe zithunzi zodina. Pamangokhala kachizindikiro kodikira, ndipo kachizindikiroko kamaulula udindo wa wolembayo: munthu wamba amaona $, root amaona #. Mwambowu ndi wakale, ndipo amisiri a ntchitoyi amaphunzira msanga kuti akaona # ayenera kuwerenga kawiri zimene atayipa asanadine batani la Enter, chifukwa shell sifunsa ngati munthu watsimikizadi.

Kompyuta imodzi, anthu ambiri

Vuto la ulamuliro linabadwa pamene anthu anayamba kugawana kompyuta imodzi pa nthawi imodzi. Poyamba munthu ankapereka makadi ake oboolaboola kwa woyendetsa makina, n'kukadikira zotsatira papepala. Mu 1961 gulu la Fernando Corbató pa sukulu ya MIT ku America linaonetsa CTSS, dongosolo lolola anthu angapo kugwira ntchito pa kompyuta imodzi, aliyense pa kiyibodi yake. Kuti mafayilo asasakanikirane, aliyense anapatsidwa dzina ndi pasiwedi. Pasanapite nthawi, mu 1962 wophunzira wina, Allan Scherr, amene maola anayi pa sabata omwe anapatsidwa sankamukwanira, anapempha makinawo kusindikiza fayilo yosunga mapasiwedi onse, ndipo anasindikizadi. Iye mwini anaulula nkhaniyi patatha zaka zambiri.

Unix inayamba mu 1969 ku Bell Labs, m'chigawo cha New Jersey, pamene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kulemba dongosolo lawo pa kakompyuta ka PDP-7, kampani yawo itachoka mu ntchito yaikulu ya Multics. Multics inali ndi magawo ambiri a chitetezo, osanjikizana. Iwo anasankha njira yachidule: anthu wamba mbali ino, munthu mmodzi wamphamvu zonse mbali inayo, pakati palibe. Buku loyamba la malangizo a Unix, la mu Novembala 1971, lili kale ndi lamulo la su. Munthu akalemba su n'kupereka pasiwedi ya root, shell yake inkasanduka ya root kufikira atatulukamo yekha.

Panali mfundo ina yofunika kumasula. Ntchito zina zazing'ono za munthu wamba zimafuna mphamvu zazikulu. Wofuna kusintha pasiwedi yake ayenera kulemba mu fayilo imene imasunga mapasiwedi a anthu onse, pomwe fayiloyo saloledwa kuikhudza. Ritchie anapeza njira yotchedwa setuid: kachizindikiro koikidwa pa fayilo ya pulogalamu, konena kuti pulogalamuyo ikamayenda izigwiritsa ntchito mphamvu za mwini wake, osati za amene waiyendetsa. Pulogalamu ya passwd mwini wake ndi root, choncho kalaliki akaiyendetsa imatsegula fayilo yoletsedwayo, n'kusintha mzere wa kalalikiyo wokha, basi n'kutseka. Chikalata cha umwini wa njirayi chinapemphedwa mu 1973 ndipo chinaperekedwa mu 1979, koma eni ake anailola kuti aliyense aigwiritse ntchito kwaulere. Lamulo la su, komanso la sudo limene linadza pambuyo pake, onse amadalira setuid. Ubwino wake ndi womwenso uli kuopsa kwake: pulogalamu ya setuid ikakhala ndi cholakwika, aliyense wodziwa cholakwikacho wapeza khomo lolowera ku root.

Mu 1975 Jerome Saltzer ndi Michael Schroeder analemba mfundo imene ophunzira za chitetezo cha makompyuta amaloweza mpaka lero, yakuti munthu kapena pulogalamu ipatsidwe mphamvu zokhazo zimene ntchito yake ikufuna. Unix ya masiku amenewo sinkatsata mfundoyi kwenikweni. Wofuna kungoyambitsanso makina osindikizira ankayenera kudziwa pasiwedi yomweyo imene ikanamulola kuwerenga makalata a mkulu wa dipatimenti.

M'mayunivesite zotsatira zake zinali zodziwikiratu. Pasiwedi ya root inkayamba ndi anthu awiri, chaka chisanathe ili m'kamwa mwa anthu khumi. Mmodzi akasiya ntchito inkafunika kusinthidwa ndipo onse otsala auzidwe, chinthu chimene kawirikawiri chinkaiwalika. Choipa kuposa zonse chinali chakuti makina ankangolemba kuti wachita ndi root, osanena kuti root wa tsikulo anali yani. Unix ya ku Berkeley, yotchedwa BSD, inayesa kuchepetsa vutoli ndi gulu la wheel: amene dzina lake mulibe m'gulumo sangakhale root ndi su, ngakhale ataidziwa pasiwedi. Si onse anakondwera nazo. Richard Stallman, woyambitsa ntchito ya GNU, anakana kuika lamulo la wheel mu su ya GNU, ndipo analemba m'malangizo ake kuti lamulolo limangothandiza olamulira kukhwimitsa mphamvu zawo pa anthu wamba. Maganizo amenewo anali omveka mu labotale ya anthu odziwana; ku banki kapena ku chipatala sakanagwira.

Kuopsa kwa setuid kunaoneka poyera mu 1986 ku Lawrence Berkeley Laboratory. Clifford Stoll, katswiri wa zakuthambo amene anapatsidwa ntchito yosamalira makompyuta, anauzidwa kufufuza kusiyana kwa masenti 75 m'mabuku owerengera nthawi ya pa kompyuta. Anapeza kuti munali mlendo. Mlendoyo, Markus Hess wa ku Hannover m'dziko la Germany, ankagwiritsa ntchito kapulogalamu ka movemail, kosamutsa makalata, kamene kanaikidwa ndi mphamvu za root. Ndi kameneka ankaika fayilo yake m'malo mwa pulogalamu ya atrun, imene makina ankaiyendetsa okha mphindi zisanu zilizonse ngati root. Ankangodikira mphindi zisanuzo, n'kukhala mwini wa kompyuta yonse. Zimene ankaba ankagulitsa kwa a KGB, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 1990.

Kubadwa kwa sudo

Cha m'ma 1980 Bob Coggeshall ndi Cliff Spencer, a ku dipatimenti ya sayansi ya makompyuta pa State University of New York ku Buffalo, analemba kapulogalamu kotchedwa sudo pa kompyuta ya VAX-11/750 yoyendera 4.1BSD. Mu Disembala 1985 kanatumizidwa pa Usenet kuti aliyense atenge. Chaka chotsatira kanakonzedwanso ku University of Colorado ku Boulder, kumene kanaleredwa kwa zaka zingapo. Mu 1991 Dave Hieb ndi Jeff Nieusma anakalembanso mwatsopano, ndipo mu 1994 Todd C. Miller anatulutsa mtundu wake poyera. Kuyambira pamenepo ndiye wakhala akuisamalira pulogalamuyi.

Kusiyana kwa sudo ndi su kuli pa zinthu zooneka zazing'ono. Sudo imafunsa pasiwedi ya munthu mwiniyo, osati ya root, motero palibe chinsinsi chogawana. Imapereka mphamvu pa lamulo limodzi lokha, likatha munthu wabwerera pa $. Ndipo imalemba zonse m'kaundula. Zili ngati kiyi wa sitolo ya pasukulu amene sachoka kwa ahedi: wofuna choko amasaina m'buku dzina lake, nthawi ndi chimene watenga, sitolo imatsegulidwa, imatsekedwanso, ndipo palibe amene amapita ndi kiyiyo kunyumba.

Zimayenda motere. Mmisiri alemba apt install ndi dzina la pulogalamu imene akufuna, makina n'kumukana, kumuuza kuti alibe chilolezo. Alembanso lamulo lomwelo atayamba ndi sudo. Makina amufunsa pasiwedi, ndipo pamene akutayipa kawirikawiri pa sikirini sipaoneka kanthu, ngakhale kanyenyezi. Ophunzira ambiri amaganiza kuti kiyibodi yafa. Sudo imayang'ana mu fayilo ya /etc/sudoers ngati munthuyo ali ndi ufulu wa lamulolo. Akakhala nawo, lamulo limayenda, ndipo pa Ubuntu ndi Debian mzere umodzi umalembedwa mu /var/log/auth.log kapena m'kaundula wa systemd: tsiku, nthawi, dzina la munthu, foda imene anali, ndi lamulo lonse monga analitayipira. Akakhala kuti alibe ufulu, kuyesako kumalembedwanso. Pasiwedi imakumbukiridwa kwa mphindi zisanu, pa Ubuntu mphindi 15, kuti munthu asatope ndi kufunsidwafunsidwa. Tsiku loyamba kuigwiritsa ntchito, pa makina ambiri sudo imayamba yapereka kachenjezo kachidule kokumbutsa munthu kulemekeza zinsinsi za ena ndi kuganiza asanatayipe.

Luso lenileni lili mu fayilo ya sudoers. Mzere wakuti %sudo ALL=(ALL:ALL) ALL umapatsa aliyense wa m'gulu la sudo mphamvu zonse, ndipo makina ambiri amangosiyidwa choncho. Koma fayiloyo imalola kusankha bwino kwambiri: kalaliki angaloledwe lamulo limodzi lokha, monga /usr/bin/systemctl restart cups loyambitsanso ntchito yosindikiza, osapatsidwa china chilichonse. Fayiloyi siikonzedwa mwachisawawa. Pali lamulo lakelake, visudo, limene limayamba laona ngati zolembedwazo zili bwino lisanasunge, chifukwa kulakwitsa chilembo chimodzi kungatsekere kunja oyang'anira onse.

Misampha iliponso. Kulola munthu kuyendetsa vi kapena less ndi sudo n'chimodzimodzi kumupatsa root, popeza mapulogalamu amenewa ali ndi njira yotsegulira shell m'kati mwake. Wolemba sudo su kapena sudo -i amalowa mu shell ya root, ndipo kaundula wamba amangosonyeza kulowako, zochitika pambuyo pake osazilemba. Apa phindu lalikulu la sudo latayika, ngakhale amisiri ambiri amachita zimenezi tsiku ndi tsiku chifukwa cha changu. Mawu akuti NOPASSWD amachotsa funso la pasiwedi, ndipo kwa zaka zambiri tikompyuta ta Raspberry Pi tinkabwera ndi akaunti ya pi yokhala ndi pasiwedi yodziwika dziko lonse komanso sudo yosafunsa kanthu, mpaka akauntiyo inachotsedwa mu Epulo 2022. Lamulo loopsa la rm -rf /, lofafaniza disiki yonse, rm ya GNU inayamba kulikana yokha mu 2006, koma foda ina iliyonse imafafanizikabe mosafunsa.

Kufika ku Zambia

Ku Zambia ntchito yoyang'anira maseva a netiweki inakulira pa University of Zambia ku Lusaka. Mu 1991 likulu la makompyuta la pa yunivesiteyi, motsogozedwa ndi Mark Bennett, linayamba kutumiza ndi kulandira imelo kudzera pa Fidonet, makina akuimbirana pa mawaya a telefoni. Mu 1994 yunivesite inakhazikitsa kampani ya ZAMNET, ndipo pa 22 Novembala chaka chomwecho dziko linalumikizidwa ku intaneti yonse kudzera pa waya wobwereka wopita ku Cape Town. Kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, kupatula South Africa, Zambia ndiyo inali yoyamba. Pa nthawiyo maseva ambiri a imelo ndi a mayina a pa intaneti padziko lonse ankayendera Unix kapena abale ake, choncho wofuna ntchito imeneyi ankayenera kudziwa shell.

Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, ndiyo inatsitsa mtengo wa chidziwitsochi, chifukwa inkayenda pa kompyuta wamba ndipo sinkagulidwa. Sudo inafika kwa anthu ochuluka mu Okutobala 2004, pamene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa Ubuntu. Ubuntu inatseka akaunti ya root kotheratu, osaipatsa pasiwedi, ndipo munthu woyamba kulembetsedwa pa makina ankalandira ufulu wa sudo. Apple inali itachita kale zofanana pa Mac OS X mu 2001. Kampani ya Shuttleworth inkatumiza ma CD a Ubuntu kwaulere pa positi kwa aliyense wopempha mpaka mu 2011, thandizo lalikulu kumadera kumene kutsitsa fayilo yaikulu pa intaneti kunali kosatheka. Ku Malawi, ntchito ya Baobab Health, imene Gerry Douglas anaiyambitsa ndi makompyuta ogwira pa sikirini pa chipatala chachikulu cha Lilongwe mu 2001, inakula pa mapulogalamu aulere otere.

Komabe kompyuta imene inafika pa desiki la ofesi ya boma inali ya Windows, ndipo mbiri yake ndi ina. Pa Windows XP pafupifupi aliyense ankagwira ntchito tsiku lonse ali Administrator. Vairasi yobwera pa fulashi inkalandira mphamvu zonse za munthu amene waibaya, ndipo n'chifukwa chake fulashi imodzi inkatha kudwalitsa makompyuta a ofesi yonse. Lamulo la runas linalipo kuyambira pa Windows 2000, koma olidziwa anali ochepa. Windows Vista, mu 2007, inabweretsa kabokosi kofunsa chilolezo nthawi iliyonse pamene pulogalamu ikufuna mphamvu zazikulu. Anthu anadandaula kuti kakuchulutsa mafunso, koma kanakhalitsa. Mpaka lero mmisiri wofuna kuyendetsa malamulo ngati sfc /scannow amatsegula Command Prompt kapena PowerShell posankha Run as administrator. Microsoft inalengeza lamulo lakelake la sudo pa Windows 11 mu Febuluwale 2024, zaka zoposa 40 chiyambire cha ku Buffalo.

Petauke ndi Nyimba

Maboma awiriwa ali m'chigawo cha Kum'mawa, dziko la Ansenga, m'mbali mwa msewu wa Great East Road. Wochokera ku Lusaka amawoloka mlatho wa Luangwa, n'kufika ku Nyimba, kotchuka ndi nthochi zogulitsidwa pa basi, kenako ku Petauke, mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera ku likulu. Mtundawu ndi wofunika pa nkhaniyi. Katswiri akakhala ku Lusaka kapena ku Chipata, makina owonongeka amadikira, ndipo kudikirako n'kumene kumakopa anthu kugawana pasiwedi yaikulu kuti ntchito isaime.

Makompyuta analowa m'maboma amenewa makamaka kudzera m'zaumoyo, m'sukulu ndi m'matumba a anthu. Unduna wa zaumoyo unakhazikitsa SmartCare, dongosolo losunga mbiri ya odwala lomwe linapangidwa mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America, ndipo mtundu wake woyamba unkayenda pa Windows m'zipatala momwemo. Ziwerengero za mwezi ndi mwezi zimalowetsedwa mu DHIS2, pulogalamu yosamalidwa ndi University of Oslo, imene malangizo ake amalimbikitsa kuiika pa seva ya Ubuntu. Wolowetsa ziwerengero ku ofesi ya zaumoyo ku Nyimba amangoona tsamba la pa intaneti ndi bokosi la pasiwedi. Shell saiona, koma kumene kuli sevayo kuli munthu amene amalemba sudo kuti akonze, asunge kope la deta, kapena ayambitsenso makina. Mbiri ya odwala ndi chimodzi mwa zinsinsi zolemera kwambiri zimene boma limasunga, ndipo root amatha kuwerenga zonse.

M'sukulu, silabasi imene inayamba mu 2014 inabweretsa phunziro la makompyuta ku Giredi 8 ndi 9. Mayeso oyamba ogwira pa kompyuta, mu Novembala 2015, anaonetsa kuchepa kwa zipangizo m'dziko lonse: m'sukulu zambiri ana ankasinthana makompyuta ochepa mpaka usiku, magetsi akuzimazima. Mphunzitsi wa phunziroli anasanduka woyang'anira makina mosasankha. Iye ndiye amasunga pasiwedi ya Administrator, ndiye amasankha ngati ana alowe pa akaunti yopanda mphamvu kapena ayi, ndipo akasamutsidwa kupita ku sukulu ina pasiwediyo nthawi zina imapita naye. Makompyuta a mphatso amabweranso ndi vuto lomweli pamene woika anachoka osasiya cholembedwa. Mwayi wake, umenenso ndi tsoka, ndi wakuti wogwira kompyuta ndi manja angathe kuilanda: pa Linux amaiyatsa kudzera pa recovery mode kapena pa fulashi, n'kuika pasiwedi yatsopano, pokhapokha disiki ikakhala yobisidwa ndi encryption. Loko wa pa chitseko cha labu ali mbali ya chitetezo cha root.

Kuzima kwa magetsi, kumene kunakula mu 2015, mu 2019 ndiponso mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, kumawonjezera ntchito. Kompyuta yozima mwadzidzidzi ikulemba imatha kusiya disiki yosokonekera, ndipo malamulo okonzera, fsck pa Linux ndi chkdsk pa Windows, amafuna mphamvu za woyang'anira.

Linux yofala kwambiri ku Petauke ndi Nyimba ili m'mafoni. Android imamangidwa pa Linux, ndipo akaunti ya root ilimo, koma mwini foni sapatsidwa. Pulogalamu iliyonse imayenda ngati munthu payekha, ndi nambala yakeyake, kuti ina isawerenge za inzake. Ndi njira yakale ya Unix yolekanitsa anthu, yogwiritsidwa ntchito polekanitsa mapulogalamu. Matabuleti a Mwabu, ochokera ku ntchito ya iSchool imene Mark Bennett yemwe uja anayambitsa, amene bungwe la Impact Network limagwiritsa ntchito m'sukulu za kumudzi m'maboma a Katete, Sinda ndi Petauke, ndi a banja lomweli. Amisiri okonza mafoni pa msika, amene amaflasha foni yokana kuyaka, ndiwo amayandikira kwambiri mphamvu za root, pogwiritsa ntchito zida monga adb ndi fastboot kapena mapulogalamu okhala ndi mabatani amene amatumiza malamulo ofanana nawo mseri. Ambiri a iwo anaphunzira poonera anzawo, osati m'kalasi. Foni yotsegulidwa mpaka ku root imamvera mwini wake pa chilichonse, koma imamveranso pulogalamu yakuba, ndipo mapulogalamu ambiri a mabanki amakana kuyenda pa foni yotero.

Kaundula ndi lamulo la boma

Chitsanzo chachikulu cha m'dera lino cha zimene zimachitika mphamvu zikapanda kaundula wodalirika chinachokera ku Malawi. Mu Sepitembala 2013, mkulu woona za bajeti Paul Mphwiyo atawomberedwa ku Lilongwe, kunaululika kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate. Ndalamazo zinkadutsa mu IFMIS, dongosolo la pa kompyuta loyendetsera chuma cha boma limene linakhazikitsidwa mu 2005. Kampani ya Baker Tilly, mu lipoti lake la mu Febuluwale 2014, inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi, ndipo njira imodzi inali yolemba malipiro kwa makampani amene sanagwire ntchito, cheke n'kutuluka, kenako zolembedwazo n'kufufutidwa m'makina. Nkhaniyi sinali ya shell, koma phunziro lake kwa amisiri ndi lomwelo: amene ali ndi mphamvu yolemba asakhalenso ndi mphamvu yofufuta umboni. Kaundula wa sudo wosungidwa pa kompyuta yomweyo root angathe kumusintha, n'chifukwa chake oyang'anira osamala amamutumiza ku seva ina imene mmisiriyo sangaifikire.

Mbali inayo ilinso ndi ngozi yake. Mu 2008 Terry Childs, yekhayo amene ankadziwa mapasiwedi a netiweki ya mzinda wa San Francisco, anakana kuwapereka kwa akuluakulu ake, ndipo anawapereka kwa meya Gavin Newsom ali kale m'chitokosi. Khoti linamugamula zaka zinayi mu 2010. Ofesi yokhala ndi woyang'anira mmodzi yekha, monga zilili m'maofesi ambiri a m'maboma, imayenera kusunga pasiwedi yaikulu mu envulopu yomatidwa kwa mkulu wa ofesi.

Zambia inaika nkhanizi m'malamulo pang'onopang'ono. Bungwe la ZICTA linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2009. Lamulo la mu 2018 linapatsa bungwe la ICTAZ udindo wolembetsa ogwira ntchito za makompyuta. Mu 2021 kunabwera lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, pamodzi ndi lina la milandu ya pa makompyuta, limene linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu 2025. Kulowa m'makina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo bungwe losunga mbiri ya anthu lili ndi udindo woiteteza.

Sudo yeniyeniyo sinakhale yopanda banga. Mu Januwale 2021 akatswiri a kampani ya Qualys anapeza cholakwika, chotchedwa Baron Samedit, chimene chinkalola munthu aliyense wokhala ndi akaunti pa makina kukhala root ngakhale dzina lake mulibe mu sudoers. Chinali chitabisala kuyambira mu Julayi 2011. Ena amati pulogalamuyi inakula mopitirira. Ted Unangst analemba doas, yaing'ono kwambiri, imene inalowa mu OpenBSD mu 2015, ndipo mu 2024 a systemd anatulutsa run0, imene sidalira setuid. Ubuntu 25.10, ya mu Okutobala 2025, inasintha n'kuyamba kugwiritsa ntchito sudo-rs, yolembedwanso m'chinenero cha Rust pofuna kupewa mtundu wa cholakwika chimene Qualys inapeza. Kwa mmisiri amene wakhala pa kiyibodi, lamulo lotayipa ndi lomwe lija, fayilo ya malamulo idakali /etc/sudoers, ndipo sudo yoyambayo akuisamalirabe ndi Todd C. Miller.